PHUNZIRO 7: NAMBALA YOONEKA PA FONI SI MBONI

Cholinga cha phunziroli

Pakutha pa phunziroli aliyense athe:

1. kufotokoza chifukwa chimene nambala kapena dzina looneka pa foni silitsimikiza amene akuimba;
2. kuzindikira njira zimene akuba amagwiritsa ntchito pobera anthu pa foni;
3. kudziwa chochita foni yokayikitsa ikalira, ndiponso chochita munthu akaberedwa kale;
4. kuthandiza okalamba ndi anthu osadziwa kuwerenga kuti nawonso adziteteze.

Kwa wotsogolera: Werengani ndime imodzi imodzi, ndipo mupatse anthu mpata wofunsa. Amene ali ndi mafoni abwere nawo. Musakakamize munthu aliyense kuulula pagulu ndalama zimene adaberedwa.

Mau oyamba

Abale ndi alongo, kale wakuba ankadikira mdima. Ankaboola khoma, ankathyola loko, kapena ankapisa m'thumba mwa munthu pamsika. Ife tinkadziwa momuchingira: kumanga mpanda, kuweta galu, kukuwa kuti anansi amve. Lero kwabwera wakuba wina amene sathyola chitseko. Iyeyu amaimba foni masanasana, amapereka moni mwaulemu, ndipo mwini ndalama amamutumizira yekha ndi zala zake.

Airtel Money idayamba m'dziko muno m'chaka cha 2012, ndipo TNM Mpamba idatsatira mu 2013. Kuchokera nthawi imeneyo foni yasanduka chikwama. Fizi ya mwana, ndalama za fodya ndi soya, thandizo lochokera kwa ana athu a ku Joni, zopereka za banki m'khonde, zonsezi zimadutsa pa foni. Zimenezi n'zabwino ndithu, pakuti zatichepetsera maulendo ndi ndalama za thiransipoti. Koma kumene kwapita ndalama, wakuba nayenso amalondola komweko.

Phunziro lathu lagona pa mfundo imodzi: foni imationetsa nambala, koma siitiuza amene ali kuseri kwa nambalayo. Choncho munthu wanzeru sachita kanthu kokhudza ndalama pa foni imene wachita kuimbiridwa. Amadula, kenaka amaimba yekha pa nambala imene akuidziwa.

1. Kodi nambala yooneka pa foni imachokera kuti?

Tikumbukire kalata ya ku positi ofesi. Kuseri kwa envulopu wolemba amaika keyala yake. A positi safufuza ngati keyalayo ndi yoona. Ntchito yawo ndi kufikitsa kalata kwa mwini wake basi. Munthu wachinyengo angathe kulemba keyala ya mfumu kapena ya mphunzitsi wamkulu, kalata n'kufika bwinobwino.

Nambala imene imaoneka foni ikamalira ili ngati keyala ya kuseri kwa envulopu ija. Imatumizidwa kuchokera mbali ya woimba. Matelefoni adakhazikitsidwa nthawi imene makampani ake adali ochepa ndipo ankakhulupirirana, motero sadaike njira yolimba yotsimikizira nambalayo. Masiku ano munthu angathe kuimba foni kudzera pa intaneti, ndipo pali mapulogalamu amene amamulola kusankha nambala yoti ioneke kwa woimbiridwa. Maofesi ena akuluakulu amagwiritsa ntchito njirayi moyenera, kuti antchito awo onse akaimba pazioneka nambala imodzi ya ofesi. Koma wakuba amaigwiritsa ntchito kuti avale nkhope ya banki, ya polisi kapena ya kampani ya foni. Pa Chingerezi chinyengo chimenechi amachitcha caller ID spoofing, ndiye kuti kunamiza nambala ya woimba.

Vutoli n'la dziko lonse lapansi. Ku America, kuyambira mu 2021, boma lidalamula makampani akuluakulu a mafoni kuti aziika chizindikiro chotsimikizira nambala ya woimba, komabe mafoni achinyengo sadatheretu. Tisaganize tsono kuti makina okha adzatitchinjiriza.

Palinso njira zina zinayi zimene wakuba amabisalira nkhope yake:

(a) Uthenga wa SMS ungathe kulembedwa kuti pamwamba pake paoneke dzina la banki kapena la kampani. Nthawi zina umalowa mumndandanda womwewo wa mauthenga oona.

(b) Wakuba angathe kungolemba uthenga pa nambala wamba, motsanzira mau a kampani, podalira kuti inu simuyang'ana kumene wachokera.

(c) Mapulogalamu oonetsa dzina la woimba, monga Truecaller, amatenga maina kwa anthu omwe amawagwiritsa ntchito. Wakuba angathe kudzilembetsa dzina laudindo, inu n'kuona ngati akuimba ndi a ofesi.

(d) Foni ya m'bale wanu ikabedwa, kapena WhatsApp yake ikalandidwa, uthenga umachokeradi pa nambala yake koma wolemba ndi wina.

Tionjezerepo chinthu chatsopano: pali makina a kompyuta amene amatha kutsanzira mau a munthu akangomva pang'ono m'mene amayankhulira. Ndiye kuti ngakhale khutu lingathe kupusitsidwa. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Koma pano pali nkhani yolimbitsa mtima. Wakuba amene wanamiza nambala amangosintha zimene zikuoneka pa foni yanu. Nambalayo siikhala yake. Mukadula n'kuimba nokha nambala yeniyeni ya banki, foni yanu imapita ku banki, osati kwa wakuba. Ichi ndicho chifukwa chake wakuba amayesetsa kwambiri kuti musadule foni.

2. Kasewero

Anthu awiri achite kasewero aka, ena onse amvetsere.

Woimba: Muli bwanji mayi? Ndikuimba kuchokera ku likulu la kampani yanu ya foni. Tikukonza makina athu, ndipo tapeza kuti akaunti yanu itsekedwa lero 12 koloko.

Mayi: Ayi bambo, chonde! Muli fizi ya mwana m'menemo.

Woimba: Musadandaule mayi, n'chifukwa chake ndakuimbirani. Musadule foni. Dinani manambala amene ndikuuzeniwa, kenaka muike nambala yanu yachinsinsi.

Mayi: Dikirani ndifunse kaye bambo a kunyumba.

Woimba: Nthawi yatha mayi, pali anthu ambiri amene akudikira. Ndiponso nkhaniyi n'njachinsinsi, musauze munthu. Mukachedwa, ndalama zanu ife sizitikhudza.

Mayi: Zikomo bambo. Ngati ndi choncho, ndidula ndiimbe ndekha ku kampaniko, kapena ndipite ku ofesi yanu.

Woimba: Mayi, mukutaya ndalama zanu!

(Mayi adula foni.)

Wotsogolera afunse: Kodi woimbayu wagwiritsa ntchito mau ati kuti awaopseze mayiwa? Nanga mayiwa apulumuka ndi chiyani?

3. Misampha imene yafala pakati pathu

"Ndalakwitsa nambala." Mumalandira uthenga wonena kuti mwalandira ndalama, tinene K50,000. Posakhalitsa munthu amaimba akulira, akuti zinali za maliro kapena za wodwala, mumubwezere. Chikhalirecho palibe ndalama imene yalowa. Uthengawo walembedwa ndi iye yemwe. Mukatumiza, mwatumiza zanu. Onani kaye ndalama zimene zili mu akaunti yanu podina nokha *211# ngati muli pa Airtel Money, kapena *444# ngati muli pa Mpamba. Ngati ndalama zalowadi molakwika, musazidye pakuti si zanu, koma muuzeni mwini wakeyo adziwitse kampani, poti ili ndi njira yake yobwezera.

"Mwapambana mphoto." Akuti mwapata galimoto, malata kapena ndalama zambiri, koma muyambe mwatumiza kangachepe ka msonkho kapena ka thiransipoti. Dzifunseni: kodi mpikisano umenewu ndidalowa liti? Mphoto yoona siigulidwa.

"Dzina lanu latuluka." Akuti mwasankhidwa kulandira Mtukula Pakhomo, feteleza wotsika mtengo, ngongole kapena ntchito, koma mulipire kuti dzina lisafufutidwe. Nkhani zotere zili ndi njira zake zodziwika: mafumu, makomiti a chitukuko a m'mudzi, alangizi ndi ofesi ya DC. Kafunseni kumeneko ndi miyendo yanu.

"Mwana wanu wavulala." Woimba amadzitcha mphunzitsi, dokotala kapena wapolisi. Akuti mwana ali m'chipatala kapena m'chitokosi, ndipo pakufunika ndalama msangamsanga. Msampha uwu ndi woopsa chifukwa umagwira pamtima pa kholo. Dulani, muimbire mwanayo, kapena aphunzitsi amene mumawadziwa, kapena m'bale amene ali pafupi naye. Dziwaninso kuti belo ya ku polisi ndi yaulere.

"Katundu wanu wagwidwa pa boda." Mabanja amene ali ndi abale ku South Africa amauzidwa kuti katundu wawo waima ku Mwanza kapena ku Dedza, ndipo dalaivala akufuna ndalama. Musatumize musanayankhule ndi m'bale amene watumiza katunduyo, pa nambala yake imene mumaimba masiku onse.

"Tiuzeni manambala amene mwalandira." Banki kapena WhatsApp ikafuna kutsimikiza kuti ndinu mwini akaunti, imatumiza manambala apadera pa foni yanu, a WhatsApp amakhala asanu ndi imodzi. Wakuba amayesa kulowa mu akaunti yanu, manambalawo n'kubwera kwa inu, iye n'kuimba kuti mumuwerengere. Mukamuwerengera, mwamupatsa kiyi wa nyumba.

Kufulasha kochokera kunja. Foni imalira kamodzi n'kuduka, nambala yake ya dziko lachilendo. Mukabwezera, mayunitsi amatha ngati madzi m'lichero, ndipo gawo la ndalamazo limapita kwa akubawo. Nambala za dziko lathu zimayamba ndi +265. Nambala yakunja imene simukuidziwa musaibwezere. Wofuna inu adzaimbanso.

Dzina la Mpingo. Akuba saopa kanthu. Ena amadzitcha ansembe, asisitere kapena a bungwe lothandiza, n'kupempha ndalama za wodwala, za ulendo kapena zolembetsera ana amasiye. Zopereka za parishi zimalengezedwa m'tchalitchi ndi m'miphakati, ndipo zili ndi asungichuma odziwika. Mukakayika, kafunseni ku ofesi ya parishi. Bambo Mfumu sangakwiye chifukwa choti mwafunsa.

4. Zizindikiro zisanu za wakuba

Nkhani zimasintha chaka ndi chaka, koma mapazi a wakuba ndi omwewo:

1. Amafulumizitsa. Safuna kuti mupeze nthawi yoganiza.
2. Amaopseza kapena amakopa. Mantha ndi dyera zonse zimatseka maso.
3. Amati musauze munthu. Amadziwa kuti mnzanu akamva, bodza lionekera.
4. Amafuna kuti muyambe ndinu kutumiza ndalama kapena mayunitsi.
5. Amafunsa nambala yachinsinsi, kapena amakuuzani manambala oti mudine.

Musadabwe akakutchulani dzina, mudzi kapena kumene mumagwira ntchito. Zimenezi amazitola m'mabuku a maejenti, m'magulu a WhatsApp, pa Facebook, ngakhale pongotumiza kandalama kochepa kuti dzina lanu lioneke. Kudziwa dzina lanu si umboni woti munthuyo ndi wa ofesi.

5. Malamulo odzitetezera

Loyamba: Dulani, dekhani, imbani nokha. Kudula foni si mwano. Imbani nambala yolembedwa kuseri kwa khadi lanu la ku banki, kapena imene mudaitenga ku ofesi yeniyeni. Musaimbe nambala imene wakupatsani woimbayo kapena imene ili mu uthenga wake. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Lachiwiri: Nambala yachinsinsi ndi yanu nokha. Mabanki ndi makampani a mafoni akhala akulengeza kawirikawiri kuti antchito awo safunsa PIN. Aliyense woifunsa, kaya akhale waulemu chotani, ndi wakuba. Musailembe kuseri kwa foni. Musasankhe 1234 kapena chaka chimene mudabadwa, pakuti chalembedwa pa chiphaso chanu. Kwa ejenti, dinani nokha mobisa ndi dzanja.

Lachitatu: Funsani munthu wachiwiri. Musanatumize ndalama chifukwa cha foni yadzidzidzi, uzani mwamuna kapena mkazi wanu, mwana wamkulu kapena mnansi wokhulupirika. Safunsa adadya phula.

Lachinayi: Panganani m'banja. Sankhani liwu kapena funso limene akudziwa a m'banja mwanu okha, monga dzina limene agogo ankaitanira mwana ali wakhanda. Wina akaimba kuti ndi mwana wanu ndipo ali pamavuto, mufunseni funsolo.

Lachisanu: Werengani dzina musanatsirize kutumiza. Ngati dzina limene laoneka likusiyana ndi la munthu kapena ofesi imene mukuitumizira, lekani. Ofesi ya boma, sukulu kapena chipatala zimapereka lisiti.

Lachisanu ndi chimodzi: Samalani simu khadi yanu. Foni ikatayika, dziwitsani kampani tsiku lomwelo kuti aitseke. Netiweki ikazima mwadzidzidzi pa foni yanu yokha pamene a anzanu akuimba bwinobwino, pitani ku ofesi ya kampani msanga. Mwina wina watulutsa simu khadi ina pa nambala yanu.

6. Mukaberedwa, chitani izi

Choyamba, musachite manyazi. Aberedwapo aphunzitsi, anamwino, amalonda ndi akuluakulu a maofesi. Wolakwa ndi wakubayo. Manyazi athu ndiwo munda wake, pakuti tikakhala chete amakabera wina ndi bodza lomwelo.

1. Imbirani kampani ya foni kapena banki nthawi yomweyo. Wakuba amatapa ndalama mofulumira, choncho mphindi iliyonse ndi yofunika. Sikuti nthawi zonse ndalama zimabwezedwa, koma wofulumira ali ndi mwayi woposa wochedwa.
2. Sinthani nambala yanu yachinsinsi.
3. Musafufute mauthenga. Lembani pa pepala nambala imene idaimba, tsiku, nthawi, ndalama zimene mudatumiza ndi nambala ya umboni wa kutumizako.
4. Kaneneni ku polisi. Kulanda munthu ndalama mwachinyengo ndi mlandu m'malamulo a dziko lino.
5. Chenjezani abale ndi anzanu, makamaka ngati WhatsApp yanu yalandidwa.
6. Chenjerani ndi wakuba wachiwiri, amene amaimba kuti ndi wapolisi kapena wa kampani ndipo akuthandizani kubweza ndalama mukalipira kangachepe. Kawirikawiri amakhala yemwe uja.

7. Ufulu wathu ndi udindo wathu

Monga nzika tili ndi ufulu wotetezedwa. Bungwe la MACRA ndilo limayang'anira makampani a mafoni, ndipo Reserve Bank of Malawi imayang'anira mabanki ndi ntchito zotumiza ndalama pa foni. Ngati mwadandaula ku kampani kapena ku banki koma simudathandizidwe, muli ndi ufulu wokatula dandaulo lanu ku mabungwe amenewa. Mu 2016 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo lokhudza milandu ya pa makompyuta ndi pa intaneti, ndipo mu 2024 lidayamba kugwira ntchito lamulo lina loteteza mbiri ya munthu, monga dzina, nambala ndi chiphaso chake, kuti isamagwiritsidwe ntchito mwachisawawa. Tili ndi ufulu wofunsa aphungu ndi makhansala athu kuti malamulowa akugwira ntchito bwanji m'dera lathu.

Koma ufulu umayenda ndi udindo. Mu 2017 a Malawi tidalembetsa ziphaso za unzika, ndipo mu 2018 boma lidalamula kuti simu khadi iliyonse ilembetsedwe m'dzina la mwini wake. Cholinga chidali choti wochita zoipa pa foni azipezeka. Akuba amazemba lamuloli pogwiritsa ntchito ziphaso za anthu ena. Apolisi akhala akunena kuti ena mwa mafoni achinyengowa amaimbidwa ngakhale kuchokera m'ndende. Kodi simu khadi zimenezo zimalembetsedwa m'maina a yani? Nanga ndalama zobedwazo amakatapa ndani?

Choncho musabwereketse chiphaso chanu kuti wina alembetsere simu khadi, ngakhale akulonjezeni kangachepe. Musalole kuti ndalama za munthu wosamudziwa zidutsire pa nambala yanu. Tsiku lofufuza, apolisi adzagogoda pa khomo la mwini dzina. Maejenti nawonso asunge bwino mabuku awo, ndipo asatchule mokweza nambala ndi ndalama za makasitomala. Ngati mwana wathu ali ndi simu khadi zambirimbiri ndi ndalama zosadziwika kochokera, kholo lifunse. Kuba pa foni ndi kuba basi, ngakhale wobedwayo sukumuona nkhope. Kuseri kwa nambala iliyonse kuli mayi wamasiye, mlimi kapena mwana amene achotsedwe sukulu.

Mafunso okambirana

1. Mwa misampha imene tawerengayi, ndi iti imene yafika kale m'dera lathu? Pali ina imene siidatchulidwe?
2. Chifukwa chiyani anthu ambiri oberedwa sakanena ku polisi? Tingawalimbitse mtima bwanji?
3. Agogo amene sadziwa kuwerenga amapempha ena kuti awadinire foni. Tingawathandize bwanji popanda kuwaika pa ngozi?
4. Mnzanu wakupemphani chiphaso chanu kuti alembetsere simu khadi, akuti chake chidatayika. Mumuyankha chiyani?
5. Kodi ndalama za mphakati wathu kapena za banki m'khonde yathu zimasungidwa pa foni ya yani? Ndani amadziwa nambala yachinsinsi? Pali chimene tiyenera kukonza?

Zoti tichite sabata ino

(a) Aliyense alembe m'kope nambala zenizeni za kampani yake ya foni, za banki, za polisi yapafupi ndi za sukulu ya ana ake.

(b) Banja lililonse lipangane liwu lake lachinsinsi.

(c) Achinyamata awiriawiri ayendere okalamba ndi odwala a mumphakati mwathu, akawafotokozere lamulo loyamba ndi lachiwiri.

(d) Tisankhe munthu mmodzi wokhulupirika amene aliyense angamufunse akalandira foni yokayikitsa, ndipo bodza latsopano likamveka lilengezedwe pa msonkhano wotsatira.

Mau omaliza

Abale ndi alongo, foni si mdani wathu ayi, ndipo phunziroli silikutiuza kuti tileke kuthandiza ovutika. Likutiuza kuti thandizo lathu lifike kwa wovutika weniweni, osati kwa wakuba. Wodwala weniweni, banki yeniyeni ndi mwana wanu weniweni angathe kudikira mphindi zisanu kuti mutsimikize. Amene sangathe kudikira ndi wakuba yekha. Zimene mwamva lero mukauzeko anansi anu, pakuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Tinene pamodzi: Ndidula. Ndidekha. Ndiimba ndekha.